Negetivi yatuluka yachimbuuzi, fayilo ya chithunzi chachikulu yalemera: kusankha dpi posikana

Madandaulo a anthu osikana zithunzi amagwa pawiri. Wina wasikana negetivi, wapita nayo kokasindikizitsa pa A3, nkhope n'kutuluka timabokositimabokosi. Wina waika chithunzi chachikulu chaukwati pagalasi la sikana, wasankha nambala yaikulu kwambiri imene pulogalamu ikulola, kompyuta n'kuima, fulashi n'kudzaza, koma chithunzicho osaoneka bwino kuposa chimene chili m'manja mwake. Onse awiri anasankha dpi, nambala ya timadontho timene sikana imatola pa inchi, asanayang'ane kuti pagalasipo pali chiyani komanso kuti fayiloyo ikagwira ntchito yanji.

Filimu ndi yaing'ono koma inasunga zambiri, choncho imafuna dpi ya m'masauzande. Chithunzi chotsukidwa kale papepala n'chachikulu koma chinasunga zochepa pa inchi iliyonse, ndipo 300 mpaka 600 imakwanira. Mavuto ambiri amabwera munthu akasinthanitsa ziwirizi.

Werengani mapikiselo

Nambala ya dpi imangonena kuti sikana itola timadontho tingati pa inchi imodzi ya chinthu chimene chili pagalasi. Inchi ndi masentimita 2.54. Nambalayi payokha sikuuzani ngati fayilo ikwanira kapena ayi. Chimene wosindikiza amagwiritsa ntchito ndi mapikiselo, timadontho timene timapanga chithunzi m'fayilo, ndipo chithunzi choonera pafupi, chogwira m'manja, chimafuna mapikiselo 300 pa inchi iliyonse ya pepala limene chikutulukira.

Ndiye yambirani kumapeto. Tengani kutalika kwa pepala limene mukufuna m'mainchi, chulukitsani ndi 300, yankholo ligaweni ndi kutalika kwa chinthu chimene mukusikana. A3 ndi mainchi 16.5 m'litali, kutanthauza mapikiselo pafupifupi 4,960. Chithunzi chimodzi cha pa filimu ya 35mm ndi mamilimita 24 kwa 36, m'litali mwake ndi mainchi 1.42. Mukagawa mupeza 3,500 dpi. Pa A4 mufunika pafupifupi 2,500 dpi.

Chithunzi chopachika pakhoma, chimene anthu amachionera ataima patali mita imodzi kapena awiri, sichifuna 300. Mapikiselo 150 mpaka 200 pa inchi amakwana, ndipo pa bana yaikulu ya pamsonkhano ngakhale 100 kapena kucheperapo diso silidandaula.

Negetivi yatuluka kakang'ono kwambiri

Ili ndiye vuto lofala kuposa onse, ndipo limachokera ku malangizo abwino amene anamveka theka: akuti sikanani pa 300. Negetivi ya 35mm pa 300 dpi imapereka mapikiselo 283 kwa 425 okha, osakwana ngakhale kudzaza sikirini ya foni. Negetivi yomweyo pa 2,400 dpi imapereka 2,268 kwa 3,402, pafupifupi A4. Pa 4,000 dpi imapereka 3,780 kwa 5,669, mamegapikiselo 21, ndipo A3 imatuluka ndi kotsala kodula.

Palinso msampha m'pulogalamu momwemo. Epson Scan ndi anzake ali ndi malo olembapo Target Size kapena Scale. Mukasiya pa Original, kapena kuti 100%, dpi imene mwalemba ikunena za filimu yeniyeniyo, ndiye iyenera kukhala yaikulu. Mukalemba kuti Target Size ndi A3, dpi ija yayamba kunena za pepala lotuluka, ndipo 300 ndi yolondola chifukwa pulogalamu ichita yokha masamu aja. Njira zonse ziwiri n'zabwino. Choipa n'kuziphatikiza: Original ndi 300 imabereka kafayilo kopanda ntchito, A3 ndi 3,200 imabereka chimfayilo chimene kompyuta singatsegule. Musanadine Scan yang'anani pamene pulogalamu ikuonetsa kukula kwa fayilo, ndipo mukamaliza tsegulani fayiloyo muwerenge mapikiselo ake.

Filimu ikamakula dpi imatsika. Pa filimu ya 120, imene ndi yokulirapo kuposa 35mm, chithunzi cha 6×6 chimakhala mamilimita 56 mbali zonse, ndipo pa 2,400 dpi chimapereka mapikiselo pafupifupi 5,290, okwana pepala la masentimita 45. Filimu ya mainchi 4 kwa 5 pa 1,200 dpi yokha imafika pafupifupi 4,800 kwa 6,000, zokwanira chithunzi cha mainchi 16 kwa 20.

Ndasikana pa 6,400 koma sichinathwe

Pakatoni ya sikana pamalembedwa manambala angapo. Mukaona 6400 × 9600, yoyambayo ikunena za sensa, yachiwiriyo ndi timasitepe ta mota imene imakoka sensayo. Nambala ina yaikulu kwambiri, monga 12,800, ndi yongopeka ya pulogalamu: imatenga mapikiselo awiri oyandikana n'kuikapo ena pakati. Kumeneko n'kuthira madzi m'ndiwo. Poto adzaza koma nyama ndi yomwe ija. Musapyole nambala yoyamba ija.

Ngakhale yoyambayo si imene imafika m'fayilo. Kuwala kumadutsa m'galasi, m'magalasi obweza kuwala ndi m'lenzi kusanafike pa sensa, ndipo paliponse pamatayika kenakake. Anthu amene amayeza masikana ndi kagalasi ka mizere kotchedwa USAF 1951 amapeza kuti Epson Perfection V600, imene imalembedwa 6,400, imasiyanitsa pafupifupi 1,500 mpaka 1,600 dpi. V850 imafika m'ma 2,300 mpaka 2,600. Plustek OpticFilm 8200i, yosikana 35mm yokha, imalembedwa 7,200 koma imapereka kupitirira pang'ono 3,000. Nikon Coolscan 5000 ED ndi 9000 ED zimayandikira 4,000 imene zimalonjeza, kungoti anasiya kuzipanga kalekale ndipo zakale zomwe zimagulitsidwa modula.

Tanthauzo lake n'lakuti 35mm pa sikana yagalasi ya mtundu wa V600 imatuluka bwino mpaka cha m'ma A5 kapena A4, ndipo A3 idzakhala yofewa ngakhale mutani. Pa masikana oterewa sankhani 3,200 pa 35mm ndi 2,400 pa 120. Ena amasikana pa 4,800 kapena 6,400 kenako n'kuchepetsa fayilo ndi theka pakompyuta. Zimasalaza timadontho ta m'malo akuda, koma nthawi imachuluka kwambiri, ndipo pa manegetivi mazanamazana phindu lake silibweza nthawiyo. Negetivi imodzi kapena ziwiri zofunika A3 ndi bwino kuzipereka kwa amene ali ndi sikana ya filimu yeniyeni, kapena kuzijambula ndi kamera ya lenzi ya macro, yojambulira pafupi kwambiri, pamwamba pa nyali yoyera.

Koma musanaimbe mlandu sikana, onani msinkhu wa filimu. Masikana ambiri agalasi sasintha focus. Lenzi inatcheredwa pamalo amodzi, mamilimita ochepa pamwamba pa galasi, ndipo chogwirira filimu chapulasitiki ndicho chimaikweza kufika pamenepo. Zogwirira za V850 zili ndi timiyendo tosintha msinkhu. Sikanani kachigawo kamodzi komweko pa msinkhu uliwonse, muyerekeze pa 100%, ndipo musankhe pamene timchenga ta filimu tikuoneka paderapadera. Pa V600 palibe timiyendo, koma mukhoza kumata timapepala kapena tepi pamakona anayi a chogwirira, kuwonjezera kamodzikamodzi. Filimu yopindika imathwa m'mbali n'kufewa pakati, kapena mosinthanitsa. Iikeni m'thumba lake, muitsendereze m'kati mwa buku lolemera kwa masiku angapo, kapena gwiritsani ntchito chogwirira chagalasi.

Pa V850 palinso china: ili ndi malenzi awiri. Mukasankha Film (with Film Holder) imagwiritsa ntchito lenzi yakuthwa yotcheredwa pa msinkhu wa chogwirira. Mukasankha Film (with Film Area Guide) imatenga ina yoyang'ana chapagalasi. Filimu ili m'chogwirira inu n'kusankha yachiwiriyi, zonse zituluka mbuu.

Mizere yozungulira yamitundumitundu, imene imatchedwa Newton rings, imabwera mbali yonyezimira ya filimu ikakhudza galasi, ndipo imakonda nyengo yachinyezi. Kukweza kapena kutsitsa dpi sikuichotsa. Kwezani filimu m'chogwirira, ikani galasi la ANR, lopangidwira kupewa mizereyi, kapena igonekeni mbali yosanyezimira pagalasi n'kudzatembenuza chithunzi pakompyuta.

Chithunzi cha papepala: malire ake

Pepala la zithunzi zamitundu silisunga zambiri kupitirira pafupifupi 300 dpi. Makina ambiri a m'malabu, monga Fuji Frontier, amalemba chithunzi papepala pa 300 dpi, ndiye n'zosatheka kutulutsamo zoposa zimene zinalowa. Pa chithunzi cha A4 kapena chokulirapo chimene mukufuna kusindikizanso pa kukula komweko, 300 ndi yokwana. Ngati ndi chosunga mpaka kalekale, kapena mukufuna kukonza ming'alu, 400 mpaka 600. Zithunzi za positikhadi, za masentimita 10 kwa 15, sikanani pa 600.

Zakuda ndi zoyera zakale za m'masitudiyo n'zosiyana pang'ono. Zina zinatsukidwa pogoneka negetivi yaikulu papepala mwachindunji, popanda kukuza, ndipo zimenezi zimasunga zambiri. Chithunzi cha gulu la ana asukulu kapena la kwaya cha mtundu umenewu chikhoza kuonetsa nkhope bwino pa 800 kapena 1,200. Osangoganizira, yesani. Sankhani kachigawo ka masentimita awiri pamene pali diso kapena zilembo, kasikaneni pa 300, 600 ndi 1,200, kuzani timafayilo ting'onoting'onoto tifanane ndi kakakulu, n'kutiika pambalipambali. Ngati chawonjezeka ndi fumbi ndi ulusi wa pepala basi, bwererani pa nambala yam'munsi.

Ntchito imene imabwera kawirikawiri m'mashopu osindikiza ndi kachithunzi ka pasipoti kamene abale akufuna kaikidwe pa pulogalamu ya maliro, pa malaya kapena pa bana. Kamakhala mamilimita 35 kwa 45. Pa 1,200 dpi kamapereka mapikiselo 1,654 kwa 2,126, ndipo apa n'koyenera kukwera choncho, chifukwa sikana imakuza mosalala kuposa pulogalamu. Koma auzeni eni ake zoona ntchito isanayambe: pa A5 katuluka bwino, pa A3 nkhope ikhala yofewa, ngakhale kuti pabana yoonera patali sizidziwika. Afunseninso ngati negetivi kapena fayilo ya ku situdiyo ilipo. Negetivi ya 35mm, ngakhale ndi yaing'ono, imaposa chithunzi cha positikhadi chimene chinachokera mwa iyo.

Fayilo yalemera, kompyuta yaima

Kulemera kwa fayilo yosapanikiza ndi mapikiselo a m'lifupi kuchulukitsa ndi a m'litali, kuchulukitsanso ndi 3 pa mitundu ya 24-bit kapena ndi 6 pa 48-bit; ma bit amenewa amanena kuchuluka kwa mitundu imene pikiselo iliyonse ingasunge. Mukawirikiza dpi kawiri, fayilo imakula kanayi. A4 pa 300 dpi ndi 26 MB, pa 600 ndi 104 MB, pa 1,200 ndi 418 MB, ndipo pa 4,800 imafika 6.7 GB. Chithunzi cha mainchi 16 kwa 20 ndi 86 MB pa 300 ndi 346 MB pa 600.

Pali makoma amene mungagunde. Fayilo ya mtundu wa TIFF wamba sipitirira 4 GB. Fulashi kapena memori khadi ya FAT32 nayo imakana fayilo yoposa 4 GB ngakhale malo alipo ambiri. Isintheni ikhale exFAT, mutasunga kaye kwina zimene zilimo. Fayilo ya PSD ya Photoshop imathera pa mapikiselo 30,000 mbali imodzi ndi pa 2 GB, kupitirira apo ndi PSB. Ngati pulogalamu ya sikana ikukana kuyamba n'kumati dera mwasankhalo lakula, si kuti yawonongeka; chepetsani dpi kapena dera.

Pamene muyenera kulolera fayilo yolemera ndi pa ma bit. Negetivi yamitundu ili ndi utoto wa olenji umene uyenera kuchotsedwa, ndipo zithunzi za m'ma 1970 ndi 1980 zambiri zinasuluka n'kufiira. Kukonza zimenezi kumakoka mitundu kwambiri, ndipo pa 24-bit thambo ndi khungu zimatuluka mizeremizere. Chithunzi chosuluka pa 400 dpi ndi 48-bit chimakonzeka bwino kuposa chomwecho pa 1,200 dpi ndi 24-bit.

Kumene magetsi amathimathima, musaike manegetivi ambiri kuti asikanidwe ulendo umodzi pa dpi yaikulu popanda UPS, batire yogwiriziza magetsi akathima. Agaweni m'timagulu.

Chithunzi chakula kuposa galasi

Galasi la sikana ya A4 ndi mamilimita 216 kwa 297. Za A3, monga Epson Expression 12000XL, zilipo koma n'zodula. Chithunzi chachikulu chimasikanidwa zigawozigawo n'kulumikizidwa, ndipo apa ndi pamene anthu amataya tsiku lonse.

Tengani cha mainchi 16 kwa 20, chomwe ndi mamilimita 406 kwa 508. Wina angaganize kuti zigawo zinayi zikwana, popeza 216 kuwirikiza kawiri ndi 432. Koma zigawozo zimangolowana ndi mamilimita 26, ndipo m'mphepete momwemo ndi moipa kale: pulasitiki yozungulira galasi ndi yokwererapo, imanyamula pepala, kachigawoko n'kutuluka kamthunzi ndiponso kofewa. Chitani zigawo 6. Mbali ya 297 iyende m'lifupi mwa chithunzi kawiri, ya 216 iyende m'litali katatu, ndipo zidzalowana mamilimita 70 kapena kuposa. Cholinga n'chakuti chigawo chilichonse chilowe mwa chinzake ndi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena atatu, kuti mukadula sentimita imodzi kapena awiri am'mphepete patsalebe polumikizira.

Chivundikiro cha masikana ambiri chimazuka. Ngati chili ndi chingwe cha nyali ya filimu, zimitsani kaye sikana musanachizule. Ikani mabuku mbali zonse ofanana msinkhu ndi galasi kuti mbali yolendewera isathyoke, makamaka ngati pepala ndi louma kapena lomatidwa pa katoni. Pamwamba ikani bolodi yosalala ndi buku limodzi. Chithunzi muzingochikankha, osachitembenuza, chifukwa nyali ya sikana imaunika kuchokera mbali imodzi ndipo chigawo chotembenuzidwa chimawala mosiyana.

Chimene chimapha ntchitoyi kwambiri ndi pulogalamu yodzisankhira yokha kuwala. Chigawo cha suti yakuda imachiwalitsa, cha diresi yoyera imachidetsa, polumikiza n'kuoneka mzere. Mu Epson Scan lowani Professional Mode, pa Configuration sankhani No Color Correction. Mu VueScan, pulogalamu ina yosikanira, chongani Lock exposure mukatha preview yoyamba. Zimitsaninso Unsharp Mask, yonolera chithunzi, ndi Color Restoration, yobwezeretsa mitundu. Zigawo zonse zikhale pa dpi imodzi, 300 kapena 400. Polumikiza mu Photoshop sankhani Photomerge ndi Reposition, osati Perspective, imene imapinda chithunzi. Hugin ndi yaulere ndipo imachita zomwezo, kungoti imafuna kuleza mtima.

Masikana opyapyala a CIS, monga a Canon LiDE, amaona bwino chimene chagona pagalasi penipeni. Pepala likakwera pang'ono chabe latha. Pa ntchito yolumikiza, pa maalubamu okhuthala ndi pa zithunzi zopindika pamafunika sikana yokhuthala ya mtundu wa CCD.

Kupitirira A2, kapena chithunzi chikakhala chosweka, kamera ndiyo njira yabwino. Masamu ake ndi omwe aja: kamera ya mamegapikiselo 24 imapereka 6,000 kwa 4,000, ndiye pa chithunzi cha 16 kwa 20 mupeza mapikiselo 250 pa inchi, zokwanira kusindikizanso. Ikani kamera pa tripod, nyali ziwiri zofanana kumanzere ndi kumanja zopendekera madigiri 45, ISO 100, f/8, RAW, ndi timer ya masekondi awiri. Kuti mudziwe ngati kamera yalunjika, ikani kagalasi kodziyang'anira pakati pa chithunzi. Lenzi ikadziona yokha pakati penipeni, mwalunjika.

Chithunzi chimene chamatirira kugalasi la felemu chifukwa cha chinyezi musachimatule, nkhope imatsalira pagalasi. Chijambuleni ndi galasi lomwelo, kamera ikusuzumira pabowo la nsalu yakuda kuti inu ndi chipinda musaonekemo.

Timabowobowo ndi mizere yachilendo

Pepala lokhakhala la silk, lofala m'ma 1970, limatulutsa timadontho toyera ngati chisa, ndipo dpi ikakwera timaonekera kwambiri. Sikanani kawiri pa 600, kachiwiri mutatembenuza chithunzi madigiri 180. Pakompyuta bwezani chachiwiricho, zigonekeni pamodzi ndi Auto-Align Layers, chapamwamba muike pa 50% kapena pa Darken. Mithunzi ya mbali ziwirizi imafafanizana.

Chithunzi cha m'nyuzipepala, kalendala kapena magazini chinasindikizidwa ndi timadontho, pafupifupi mizere 85 pa inchi m'nyuzipepala ndi 133 mpaka 150 m'magazini. Timadonthoti tikakumana ndi mapikiselo a sikana timabereka mafundemafunde. Sikanani pa 600 mutayatsa Descreening, kenako chepetsani.

Digital ICE, njira yochotsera fumbi imene ili m'masikana ena, imapeza fumbi ndi kuwala kwa infrared, ndipo pa negetivi yamitundu ndi silaidi wamba imapulumutsa maola. Pa filimu yakuda ndi yoyera ya siliva imaona chithunzi chenichenicho ngati fumbi n'kuchiwononga. Pa silaidi ya Kodachrome imalakwitsanso m'mbali mwa zinthu zakuda. Zimitsani pa zimenezi. Filimu yakuda ndi yoyera ya Ilford XP2 imalola, chifukwa imatsukidwa ndi mankhwala a C-41 ngati yamitundu. Pa 3,200 dpi kafumbi kamene diso silikuona kamakhala chibanga, ndiye m'nyengo ya fumbi pemererani filimu ndi galasi ndi kampira kopopera mpweya musanaike chilichonse, ndipo mankhwala opukutira thirani pansalu, osati pagalasi, angalowe m'kati.

Wosindikiza akuti fayilo ili pa 72 dpi

Nthawi zina si vuto n'komwe. Nambala ya dpi yolembedwa m'fayilo ndi chikwangwani chabe. Fayilo ya mapikiselo 4,960 kwa 3,508 ndi A3 yabwino kaya yalembedwa 72 kapena 300. Mu Photoshop tsegulani Image Size, chotsani chongi pa Resample, lembani 300, muone mainchi akusintha mapikiselo ali chikhalire. Mu GIMP ndi Print Size. Mukasiya Resample yoyatsa, pulogalamu ipeka mapikiselo kapena kutaya amene alipo.

Koma ngati mapikiselo achepadi pamene inu munasikana bwino, funsani mmene fayilo inayendera. WhatsApp ndi Facebook zimachepetsa ndi kupanikiza chithunzi chotumizidwa mwachizolowezi. Pa WhatsApp tumizani ngati Document, kapena pitani nayo pa fulashi. TIFF yoyamba ija isungeni yosakhudza, pamalo awiri osiyana. Kope yake ndi imene muikonze, muichepetse kufika pa kukula kwa pepala, muinole ndi Unsharp Mask pomaliza penipeni, n'kuisunga ngati JPEG ya quality yapamwamba yopita kwa wosindikiza.